Mpando wa Wegner: Kodi Wauka, Kapena Wangokwera Mtengo?

Inu acinyamata amene muphunzira ukalipentala, tafunani cithunzi ca mtsutso wa pa wailesi ya kanema pakati pa John Kennedy ndi Richard Nixon m'caka ca 1960. Musayang'ane nkhope zao. Yang'anani cimene akhalapo.

Mpandowo anaupanga Hans Wegner, mwana wa munthu wosoka nsapato wa ku Tønder m'dziko la Denmark. Unaonetsedwa koyamba ku Copenhagen mu 1949, utapalidwa m'shopu ya mmisiri Johannes Hansen. Ulibe zokongoletsa. Miyendo inai, pokhalira, ndi thabwa lopindika limene ndilo potsamira msana ndiponso poika manja. Basi.

Tsono cimene ndifuna kuti muonetsetse ndi thabwa lopindikalo. Si thabwa limodzi ai, ndi matabwa atatu olumikizidwa. Poyamba Wegner anakulunga potsamira ndi luzi la rattan, ndipo polumikizira panabisika. Pambuyo pake anasintha: anadula nsonga za matabwawo monga mano a sowo kuti zilowane, napasiya poyera kuti aliyense apaone. Kwa ine luso la mpandowu lili pamenepa. Mmisiri wobisa polumikizira akhoza kukunamizani ndi guluu ndi vanishi, ndipo ife tonse tinakhalapo pa mipando yonyezimira imene inayamba kugwedera mvula isanathe. Wopasiya poyera alibe kothawira. Akalakwa pang'ono cabe, ngakhale mwana adzaona.

Shopu ya Hansen italeka, kampani ya PP Møbler inatenga nchitoyi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ikali kuupanga mpandowu. Makina ndiwo adula mbali zina, koma kusalaza kwambiri ndi kwa manja. Wegner anamwalira mu 2007 ataona mpando wace uli wamoyo. Apa ndiwayamikira, cifukwa sanaupeputse kapena kuuonjezera zosafunika.

Koma sindingabise dandaulo langa. Mpando umodzi watsopano ugulidwa madola zikwi zingapo. Kunena zoona sunakhalepo wochipa ngakhale kale, pakuti udya nthawi ndi matabwa osankhika. Komabe lero ambiri augula monga cizindikiro ca cuma, ndipo dzina la Wegner ndilo ligulitsidwa kuposa pokhala pabwino. Enanso apanga yonyengezera imene ifanana nao pa cithunzi cokha, koma polumikizira aikapo zomangira zobisika. Amenewa atenga nkhope nasiya mtima.

Inu musavutike kukopera maonekedwe ace. Tengani zidutswa ziwiri za mukwa zotsala pansi pa benchi, muyese kudula mano aja kuti alowane popanda mpata. Tsiku loyamba mudzaononga matabwa. Colembera cikhale cakuthwa, ndipo mudule kunja kwa mzere, osati pa mzere weniweni.