Buku la Nthondo ndi Mlembi Wake

Munthu akalandira kalata amayamba wayang'ana dzina la amene walemba. Ikakhala yochokera kwa amalume ake amaiwerenga mwa njira ina, ndipo ikakhala yochokera ku boma amaiwerenganso mwa njira ina. Buku nalonso ndi kalata, koma yaitali ndi yolembera anthu ambiri. Chifukwa chake wophunzira wa sukulu ya kwacha ku Manje, ku Ndirande kapena ku Bangwe, amene tsopano watha kulumikiza zilembo ndipo afuna kuyesa buku lathunthu, achita bwino kudziwa mlembi wa bukulo, nthawi imene analemba, ndi anthu amene anamsindikizira. Buku labwino kuyambira ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, pakuti ndi limodzi mwa mabuku oyamba a nkhani yaitali amene mwana wa dziko lino analemba m'chinenero chake.

Mlembi ndi sukulu yake

Bambo Ntara anabadwa m'chaka cha 1905 m'chigawo chapakati, namwalira m'chaka cha 1976. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ntchito yake ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Atatha maphunziro anakhala mphunzitsi wa mishoni yomweyo. Masiku amenewo pafupifupi sukulu zonse za m'dziko muno zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makina osindikizira mabuku a Chinyanja analinso a iwo omwe. Munthu wofuna kuti zolemba zake zifike kwa anthu sakanatha kulambalala khomo la mishoni. Mfundo imeneyi wowerenga aisunge, chifukwa idzamthandiza kumvetsa mathero a nkhani ya Nthondo.

Chinenero chimene a Ntara analembamo chili nayo mbiri yake, ndipo mbali ya mbiriyo ndi ya mzinda wa Blantyre. Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Pambuyo pake amishoni a ku Nkhoma ndi a ku Blantyre anagwirizana kumasulira Baibulo limodzi loti anthu a kumwera ndi a pakati alimve onse. William Murray wa ku Nkhoma ndiye anatsogolera ntchitoyo, Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anathandiza, pamodzi ndi aphunzitsi a m'dziko muno odziwa chinenero. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Ophunzira a nthawi ya a Ntara anakulira m'mawu a buku limenelo, kotero kuti wowerenga Nthondo adzamva kalankhulidwe ka kumudzi ndi kalembedwe ka m'Baibulo zikuyendera pamodzi. Chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja kufikira mu 1968, pamene boma linachitcha Chichewa.

M'mene bukulo linabadwira

Ku London kunali bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. A Ntara anatumizako nkhani yawo ya Nthondo ndipo inapata mphotho. Bukulo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, mu 1934, Thomas Cullen Young, amene anagwirapo ntchito ku mishoni ya Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo Julian Huxley, katswiri wa sayansi wa ku Mangalande, analemba mawu otsogolera.

Tsono bukuli linali ndi owerenga a mitundu iwiri kuchokera pachiyambi. Oyamba anali ana a sukulu ndi akhristu a m'midzi, amene ankadziwa kale miyambo ya Achewa. Achiwiri anali Azungu a kutali, amene ankafuna kudziwa makhalidwe a anthu a kuno. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mlembi amachedwera pa mwambo, kuufotokoza mwatsatanetsatane, ngakhale pamene nkhani ikanatha kupitirira msanga. Wina angaone ngati bukulo likuyenda pang'onopang'ono, koma kuchedwa komweko ndiko kwasungira adzukulu zinthu zimene zikanaiwalika.

Nkhani yake

Bukuli lilondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake kufikira imfa yake. Nthondo akula ali mwana wovuta, wosamva malangizo, ndipo dzanja lake ndi lalitali. Atakula achoka kwawo, napita kutali kukafuna ntchito. Pambuyo pake abwerera kumudzi, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkhristu. M'kati mwa ulendo wa moyo umenewu wowerenga aona miyambo ya kubadwa kwa mwana, ya matenda, ya ukwati, ya milandu ndi ya maliro.

Ngakhale bukuli lalembedwa ngati mbiri ya munthu, Nthondo ndi munthu wopeka. Mlembi anatola zimene ankaona mwa anyamata ambiri a nthawi yake, naziumba kukhala munthu mmodzi, monga woumba mbiya atapa dothi m'malo angapo. Kupeka kotere si bodza ayi. Ndi njira yonenera zoona za anthu ambiri mwa kutchula dzina limodzi.

Nthawi ya maulendo

Ulendo wa Nthondo sudzakhala wachilendo kwa munthu wa m'makomboni a Blantyre. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba, woperekedwa ndi ndalama, pamene kumudzi ndalama zinali zosowa. Amuna ambiri anasiya akazi ndi ana napita ku minda ya Azungu ya kumwera kwa dziko lino, ena ku Halale, enanso ku migodi ya ku Joni. Dzina la Wenela, limene anthu a mu Blantyre amatchulira malo okwerera mabasi, linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi imeneyo. Makomboni a mzinda uno nawonso anadzala ndi anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana, obwera kudzafuna ntchito.

Funso limene a Ntara anafunsa mu 1933 likali ndi moyo: kodi munthu akachoka pamaso pa amalume ake ndi pa bwalo la mfumu, chimene chidzamgwira kuti asatayike n'chiyani? Kholo lililonse la ku Manje limene mwana wake wakwera basi ya ku Johannesburg lidziwa kulemera kwa funso limeneli.

Mphamvu ya bukuli ndi kufooka kwake

Mphamvu ya Nthondo ili m'maso a mlembi. Anthu a m'mudzi sawaonetsa ngati mbuli zoyembekeza kuti mlendo adzaziunikire. Ali ndi malamulo awo, ali ndi njira yoweruzira milandu, adziwa kulera mwana ndi kulira maliro. Pa nthawi imene mabuku ambiri onena za Africa ankalembedwa ndi alendo, ichi chinali chinthu chachikulu, kuti Mchewa afotokoze yekha za kwawo, m'mawu a kwawo.

Kufooka kwake kuli kumathero. Mlembi anali mphunzitsi wa mishoni, osindikiza anali amishoni, ndipo bukulo linayenera kuwerengedwa m'sukulu zawo. Motero nkhani ilunjika pa khomo limodzi lokha, ndilo kutembenuka mtima kwa Nthondo. Palibe chifukwa chokayikira kuti a Ntara ankakhulupiriradi zimene analemba. Komabe wowerenga wochenjera adzaona kuti mlembi aika kulakwa kwakukulu pa mtima wa mnyamatayo, osati pa ulamuliro umene unkakankha anyamata kuchoka m'midzi. Buku lolembedwa pansi pa boma la atsamunda ndi kusindikizidwa ndi mishoni silikanatha kunena zonse poyera. Wowerenga wa lero ali nawo ufulu wofunsa zimene mlembi sanafunse.

Kudziwa zimenezi sikuchepetsa ulemu wa bukulo. Mlimi wodziwa nthaka imene chimanga chinamerapo sadabwa ndi kukula kwa ngala zake, ndipo sataya chimangacho. Chomwechonso wowerenga wodziwa kumene buku linachokera atha kusiyanitsa zimene mlembi anaona ndi maso ake ndi zimene nthawi yake inamuuza kuti anene.

Mabuku ena a mlembi yemweyo

A Ntara sanalekere pa Nthondo. Analemba Mbiri ya Achewa, m'mene anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira za chiyambi cha mtundu wawo ndi mafumu awo. Analembanso Msyamboza, mbiri ya mfumu yeniyeni ya m'boma la Dowa, imene Cullen Young anaimasulira mu 1949 naitcha Headman's Enterprise. Wophunzira akaika mabuku atatuwa pamodzi adzaona mitundu itatu ya zolemba: nkhani yopeka, mbiri ya mtundu, ndi mbiri ya munthu amene anakhalakodi. Uliwonse uli ndi kawerengedwe kake. Pa nkhani yopeka munthu afunsa ngati anthu ake akuchita monga anthu enieni achitira. Pa mbiri afunsa kuti mlembi anazimva kwa yani.

Njira imene a Ntara analambula anadzapitamo ena. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe lothandiza kusindikiza mabuku a m'zinenero za anthu, ndipo alembi monga E. W. Chafulumira, Josiah Phiri ndi John Gwengwe anafika m'manja mwa owerenga ambiri. Aliyense wa iwo anali ndi kwawo, sukulu yake ndi omsindikizira ake, ndipo zonsezi zimaoneka m'zolemba zake.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira akatenga buku, kaya wabwereka ku laibulale kaya kwa mphunzitsi wake, asathamangire mutu woyamba. Ayambe watsegula tsamba lakutsogolo, apeze dzina la mlembi, chaka chimene bukulo linatuluka, ndi dzina la osindikiza. Mizere itatu imeneyo ndi yaifupi, ndipo munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga atha kuiwerenga yekha. Akatero adzalowa m'nkhani ya Nthondo akudziwa amene akumlankhula.