Za Nyimbo za Carnival pa Cisumbu ca Trinidad

Carnival ndiwo madyerero a Lolemba ndi Laciwiri, masiku otsogolera Lacitatu la Phulusa, poyambira kusala kwa Lenti. Dzinali licokera ku mau a Citaliyana onena za kucotsa nyama. Pa cisumbu ca Trinidad, pafupi ndi gombe la Venezuela, mwambowu unadza ndi Afalansa, eni minda, amene anayamba kufikako ndi akapolo ao m'caka ca 1783. Koma nyimbo zomveka lero m'miseu ya Port of Spain si za ambuyewo ai, koma za zidzukulu za akapolo. Ndipo ife titi ulemu wa nyimbozi uli apa: coimbira cinasinthika kawiri, koma maimbidwe ace sanatayike.

Utatha ukapolo m'caka ca 1838, omasulidwawo anayenda usiku ndi miuni ndi ng'oma, napikisana ndi ndodo. Mwambowo uchedwa Canboulay, ndiko kunena nzimbe zopsa m'Cifalansa, pakuti anakumbukira masiku aja anawapirikitsa usiku kukazima moto m'minda. Patsogolo pao panayenda woimba mmodzi, wochedwa chantwell. Iye anaponya mau, ndi khamu lonse linabvomereza, monga ticita ife pa mtondo ndi pa dima.

M'caka ca 1881 apolisi anayesa kuwabalalitsa, ndipo inabuka ndeu yaikuru. M'caka ca 1884 Boma linaletsa ng'oma m'miseu. Pamenepo anthu anadula nsungwi, zina zazitali zina zazifupi, nazigunda pansi, nazicha tamboo bamboo. Taonani, tamboo licokera ku liu la Cifalansa lonena ng'oma. Cotero dzina linasunga cimene lamulo linacotsa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anyamata anayamba kuomba zitini, ndi pambuyo pace migolo ya mafuta. Anasula pansi pa mgolo ndi nyundo, nagawapo zigawo, ciri conse ndi liu lace. Ico ndico steelpan, cimene dzikolo linacilemekeza m'caka ca 1992 kuti ndico coimbira ca mtundu wao.

Mwa chantwell munabadwanso calypso, nyimbo yonena za m'mudzi ndi kudzudzula akuru. Mau ace analasa ndithu, pakuti m'caka ca 1934 Boma linaika lamulo lolipatsa mphamvu ya kuletsa nyimbo zina. Koma woimba wina, Raymond Quevedo, wochedwa Atilla the Hun, anthu anamsankha m'caka ca 1950 alowe m'bwalo lopanga malamulo.

Tsono tiweruze bwanji nyimbo za masiku ano? Pa mpikisano wa Panorama, woyamba m'caka ca 1963, anthu ngati 100 aomba migolo pamodzi monga dzanja limodzi, ndipo luso lotere siticepsa. Koma omvera akhala pa mipando, ndi kubvomereza kwao kwacepa. Nyimbo za soca, zobuka m'zaka za m'ma 1970, zibvinitsa khamu koposa calypso, koma zambiri zingouza anthu kulumpha ndi kukweza manja; mwendo ukondwa, mutu nukhala wopanda kanthu. Ife tiyesa yopambana nyimbo imene igwira zonse ziwiri, kubvinitsa ndi kukumbutsa.

Cifukwa cace, aphunzitsi anzathu, pakumva nyimbo ya mtundu uli wonse tisafulumire kuitsutsa cifukwa ca phokoso lace. Tiyambe tafunsa: atsogolera ndani, abvomereza ndani, ndipo akumbukira ciani?