Mlandu wa Arrhenius ndi Ångström

Ulipo mlandu wina umene anthu ophunzira a ku Ulaya anaukamba zaka zoposa makumi asanu, ndipo tifuna kuuyesa pano, pakuti mau a mbali zonse ziwiri amvekabe pakamwa pa anthu kufikira lero.

M'caka ca 1896 Svante Arrhenius, mphunzitsi wa ku Stockholm, analemba za mpweya wochedwa carbon dioxide, umene tiutulutsa popuma, umenenso utuluka potentha nkhuni, malasha ndi mafuta. John Tyndall anali ataonetsa kale kuti mpweya umenewu ugwira kutentha kumene nthaka ibweza kumwamba. Tsono Arrhenius, pofuna kudziwa cimene cinaziziritsa dziko m'nthawi zakale za madzi oundana, anawerengera ndi dzanja miyezi yambiri. Napeza kuti mpweyawo ukacepa dziko lidzazizira, koma ukaculuka kawiri lidzafunda madigiri 5 kapena 6.

Mu 1900 Knut Ångström, wa ku Uppsala, anamtsutsa. Womthandiza wace anatsekera mpweyawo m'cipaipi cacifupi, napyozetsa kutentha m'menemo. Ndipo atacotsako limodzi la magawo atatu, kutentha kopyola kunangosintha pang'ono ndithu. Cotero Ångström anaweruza kuti mpweya umene uli m'mlengalenga wagwira kale zonse zimene ukhoza kugwira, kuonjezapo nkwacabe. Ambiri anabvomera, nailika nkhaniyo m'manda.

Mau awa akoma m'khutu, ndipo kuyesako kunali kwa mtima woona. Koma ife titi Ångström anaweruza mofulumira. Kodi munthu adziwa za nyanja poyang'ana madzi a m'cikho? Mlengalenga suli ngati cipaipi iai. Uli wosanjikizana monga udzu wa pa tsindwi, ndipo pokwera mpweya upepuka, nuzizira, nuuma. Kutentha kwa dziko kuthawira kunja kucokera m'mwambamo. Mukaonjeza carbon dioxide, malo othawira aja akwera kufika pozizira koposa; ndipo cinthu cozizira citulutsa kutentha pang'ono. Kotsalako kukhala pansi, mpaka nthaka ndi nyanja zifunde. Ici cipaipi sicikadatha kuonetsa, ngakhale akadayesa kazana.

Mboni zinadza pambuyo pace. Guy Callendar mu 1938 anasonkhanitsa miyeso ya m'maiko ambiri, naona kuti dziko lafunda. Charles Keeling anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa mu 1958, napeza magawo 315 mwa miliyoni; mu 2023 anali atapitirira 420. Koma mboni imene ititsimikiza ife koposa ndi ya Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald, amene ananeneratu mu 1967 kuti mpweyawu ukaculuka pansi padzafunda, koma kumwamba kwenikweni kudzazizira. Ndipo kwaziziradi. Likadakhala dzuwa locita zimenezi, likadafunditsa pansi ndi pamwamba pomwe.

Ena afunsa, Nanga bwanji dziko linazizira pang'ono kuyambira m'ma 1940 kufikira m'ma 1970? Funso ili liyenera ulemu. Utsi wa sulufule wocokera m'mafakitale unali kuchinga dzuwa, monga linacita phiri la Pinatubo litaphulika mu 1991. Koma utsi wotere ugwa msanga, pamene carbon dioxide ikhalitsa zaka mazana.

Arrhenius nayenso sitimmasula konse. Ciwerengero cace cinakula; ophunzira a bungwe la IPCC mu 2021 anati madigiri 3 ndiwo oyandikira coonadi. Ndipo colakwa cace cacikuru ndi ici: anayesa kufundako mdalitso, nayembekeza nyengo yabwino ndi dzinthu zambiri. Sitimzizwa, analemba ali m'dziko limene dzinja lace madzi auma ngati mwala. Akadalima munda wa cimanga ku Nsanje, naona mmera ulikufota m'Januwale mvula itadula masabata atatu, sitikhulupira kuti akadapempha madigiri ena oonjezera.