Mbale yasweka: mmene ana athu akuphunzirira mbiri ya America

 Lero ndabwera ndi buku la kusekondale.

Mwezi watha azakhali anga anandiimbira. Akuti, "Iwe, poti ukuchita za mbiri yakale ku yunivesite, tabwera umuthandize msuweni wakoyu, mayeso ayandikira." Mtsikanayu ali ndi zaka 16, anabadwira kuno ku America, ndipo akuphunzira AP US History. Gawo limene linamuvuta ndi lachinayi, la zaka za 1800 mpaka 1848. Tinakhala pathebulo masiku atatu, ndipo ndinachoka ndili ndi dandaulo.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Buku lakelo silinama. Madeti ndi olondola, ukapolo ulimo, kuthamangitsidwa kwa eni nthaka kulimo. Vuto langa ndi mmene nkhanizi azikonzera. Pali mutu wa kukula kwa dziko cha kumadzulo, wina wa mafakitale ndi ngalande ya Erie yomwe inatha mu 1825, wina wa pulezidenti Andrew Jackson ndi demokalase, ndiye kwinaku wina wa ukapolo. Mwana amaloweza mutu uliwonse pawokha, nkulemba mayeso, nkukhoza, osadziwa kuti wawerenga nkhani imodzi yoduladula.

Mukukumbuka tili ana, ukaswa mbale, mayi akafunsa unkati chiyani? "Yasweka." Osati "ndaswa". Mbale yangosweka yokha basi. Mitu yonena za kukula kwa dziko imalankhula chimodzimodzi: malo anatseguka, thonje linafalikira, dziko linakula. Wotsegulayo ndani? Wolimayo ndani? Mayankho ake ali masamba makumi angapo kutsogolo, mwana ataiwala kale funso.

Tiyeni tilumikize tokha. Mu 1803 America inagula dera la Louisiana kwa France pa madola 15 miliyoni, dziko nkukula pafupifupi kawiri. Ana amauzidwa kuti Thomas Jefferson anagula motchipa. Koma chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene Napoleon anagulitsira nchakuti akapolo a ku Saint-Domingue anali ataukira kuyambira 1791, asilikali ake akugonja komanso kufa ndi matenda. Mu 1804 dziko lija linakhala Haiti. Msuweni wanga ankadziwa mtengo wa Louisiana, koma za Haiti anali atangowerenga mizere iwiri.

Mu 1814 Jackson, akadali mkulu wa asilikali, anakakamiza anthu a mtundu wa Creek kusiya maekala oposa 20 miliyoni ku Alabama ndi Georgia. Atakhala pulezidenti anasaina lamulo la Indian Removal Act mu 1830. A Choctaw, a Creek, a Chickasaw, a Seminole ndi a Cherokee anasamutsidwira kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. A Cherokee anali ndi zilembo zawo zimene Sequoyah anapanga, nyuzipepala yawo kuyambira 1828, ndipo mu 1832 khoti lalikulu linagamula mowakomera pa mlandu wa Worcester v. Georgia. Sizinawapulumutse. Mu 1838 asilikali anawatulutsa m'nyumba zawo, ndipo pafupifupi 4,000 anafa.

Ndiye nthaka yolandidwayo anadzalapo chiyani? Kwambiri thonje. Analima ndani? Kuyambira 1808 kubweretsa akapolo kuchokera kunja kunaletsedwa, ndipo mwana akawerenga zimenezi amaganiza kuti ukapolo unayamba kuchepa. Ayi ndithu. Msika unangolowa m'kati mwa dziko. Pakati pa 1790 ndi 1860 anthu pafupifupi 1 miliyoni anachotsedwa m'madera ngati Virginia ndi Maryland kupita kum'mwera kwenikweni, ena pa sitima za pamadzi mpaka New Orleans, ena wapansi atamangidwa maunyolo, mkazi kuno mwamuna uko. Akapolo anali pafupifupi 700,000 mu 1790. Pofika 1860 anali pafupifupi 4 miliyoni. Thonje lawolo ndi limene linkapotedwa ku Lowell, ku Massachusetts, m'mafakitale omwe aja bukuli likuwatamanda pa mutu wa chitukuko, ndipo lambiri linkakwera sitima kupita ku Liverpool.

Mwaona? Nthaka, akapolo, thonje, fakitale. Ukachotsapo chimodzi, zinazo sizimveka.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi angayankhe, ndipo sindikuwanyoza. Silabasi ndi yaitali, mayeso amabwera mu Meyi, m'kalasi muli ana osiyanasiyana, ndipo m'maboma ena nkhani ya mtundu yasanduka ndale moti mphunzitsi amayamba waganiza kawiri asanatsegule pakamwa. Kugawa mitu kumathandiza kuloweza. Koma kulumikiza sikufuna sabata yowonjezera. Kumafuna mapu awiri pa bolodi: ena oonetsa malo a eni nthaka mu 1810, ena oonetsa minda ya thonje mu 1850. Ana aziona okha.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mawu a msuweni wanga tsiku lachiwiri. Anati, "Koma achimwene, ifetu nkhani iyi si yathu, makolo athu sanali akapolo kuno." Musamuseke, ambirife timaganiza choncho, kungoti sitinena mokweza. Zoona, makolo athu sanalime thonje la ku Mississippi, ndipo tisabe maliro a eni ake. Koma ndinamufunsa komwe mayi ake anabadwira. Anati ku Blantyre. Dzina limenelo linachokera ku Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, yemwe anabadwa mu 1813 nkuyamba ntchito mu fakitale yopota thonje ali ndi zaka 10, nthawi imene thonje lambiri la mafakitale a ku Britain linkachokera m'minda ya akapolo ku America. Atafika ku chigwa cha Shire cha m'ma 1859, chimodzi mwa zimene ankalakalaka chinali choti thonje lizilimidwa kumeneko, Britain isamadalirenso la akapolo. Ulusi wake ndi womwewo, unangofika kwathu mochedwerapo.

Palinso china. Mwana wathu akalowa m'kalasi kuno, palibe amene amamufunsa ngati agogo ake anali a ku Ntcheu kapena a ku Alabama. Mnzake wakuda amene wakhala naye desiki imodzi ndi mdzukulu wa anthu aja anayenda wapansi. Ngati sakudziwa mbiriyi, adzayamba kubwereza zonyoza zimene timazimva m'maphwando athu, zoti anzathuwa ndi aulesi. Inu mwazimvapo, ine ndazimvapo.

Tsono ngati muli ndi mng'ono kapena mwana amene akuphunzira gawoli, musamulande buku. Alembe mayeso, akhoze. Koma mupezereni kabuku ka Frederick Douglass ka 1845, kofotokoza moyo wake ali kapolo ku Maryland. Nkakafupi, kali pa intaneti kwaulere. Ndipo mukamawerenga naye buku la kusukulu, paliponse pamene lanena kuti chinachake chinachitika, muimitseni mufunse: anachita ndani, anachitira ndani? Tsiku lachitatu msuweni wanga anayamba kufunsa yekha, pensulo ili m'manja. Azakhali akuti tsopano akuwavutitsa ndi mafunso a John Chilembwe, ndipo andiuza kuti ndikawayankhe ndine.

Tikumanenso sabata yamawa.