Mphuno ya wokumba gondolosi

Ambirife gondolosi timamudziwa ali kale pamsika, atamangidwa timitolo, wogulitsa akutsinzinira diso abambo odutsa. Nthabwala zake sizisowa. Koma ine amene amandigometsa ndi munthu amene anakumba muzuwo.

Chomerachi chimayanga m'mitengo ya m'nkhalango zachinyontho, makamaka m'mbali mwa mitsinje. Masamba ake ndi aakulu, ooneka ngati mtima, ndipo ukathyola kanthambi pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Vuto n'lakuti zoyanga za utomoni woyera zilipo zambiri m'thengo, zina n'zakupha. Ndiye wokumba wodziwa ntchito sadalira maso okha. Amafukula pang'ono, n'kukanda khungwa la muzu ndi chikhadabo, n'kununkhiza. Gondolosi weniweni amanunkhira ngati vanila wa m'makeke. Kenako amaluma kachidutswa. Poyamba kamawawa, koma ukadikira, kutsekemera kumabwera pang'onopang'ono n'kukhazikika kukhosi. Akamva zimenezo m'pamene amagwada pansi.

Apa m'pamene pali luso. Mizu ya gondolosi siilowa pansi kwambiri, imayenderera chapamwamba. Iye amaitsata ndi zala, khasu lili pambali, kuopa kuvulaza khungwa, poti fungo ndi mphamvu zili m'khungwamo, osati mu mtima wolimba wa muzu. Amadula mizu iwiri itatu yam'mbali, waukulu n'kuusiya, dzenje n'kulikwirira, n'kupondapo ndi chidendene. Kunyumba amayanika pamthunzi, kuti dzuwa lisathawitse fungo.

Za mphamvu za abambo m'nyumba tonse tinamva. Zimene timaiwala n'zakuti agogo ankapatsa gondolosi munthu amene wadwala n'kutaya chilakolako cha chakudya, kapena amene m'mimba mukumupotokola. Ena amangotafuna, ena amasinja ufa n'kuthira mu phala kapena mu tiyi.

Ku Kenya amamutcha mukombero, Azulu amati umondi, ndipo dzina la akatswiri a zomera, Mondia whitei, linachokera ku liwu la Chizululi. Mbali yachiwiri ya dzinali ndi ya mlimi wina wa ku Natal, White, amene anatumiza chomerachi kumunda wa zomera wa Kew, komwe katswiri wa zomera Joseph Hooker anachilemba mu 1871. Lero ku South Africa gondolosi wam'thengo wasowa kwambiri, chifukwa okumba a phuma amazula ndi tsinde lomwe.

Pamene anakumba munthu wosamala, ukabwererako chaka chamawa umapeza chomera chikuyangabe. Zipatso zake zazitali, zokhala ziwiriziwiri, zimang'ambika zikauma, njere zaubweya ngati thonje n'kumauluka ndi mphepo kutsikira kumtsinje.