Ngongole ya Obi Okonkwo

Buku la Chinua Achebe lotchedwa No Longer at Ease linatuluka m'chaka cha 1960, chaka chomwe dziko la Nigeria linalandira ufulu wodzilamulira. Ambiri mwa ife tinaliwerenga tili pasukulu, ndipo tinauzidwa kuti ndi nthano ya ziphuphu. Ife tikuona kuti chiphuphu changokhala mathero a nkhaniyi. Gwero lake ndi funso limene limatikhudza tonse: kodi munthu amene wakwera chifukwa cha thandizo la abale ake ali ndi mangawa otani kwa iwo?

Obi Okonkwo, mdzukulu wa Okonkwo uja wa mu Things Fall Apart, ndi mwana wa katekisiti wosauka. Anthu akwawo ku Umuofia, amene ankagwira ntchito m'mizinda, anali ndi bungwe lawo lotchedwa Umuofia Progressive Union. Iwowa anasonkha ndalama movutikira, nam'bwereka mapaundi 800 kuti akaphunzire zamalamulo ku England, ndi cholinga choti adzawaimire pa milandu ya malo. Iye atafikako anasankha maphunziro a Chingerezi. Atabwerako anapeza ntchito yapamwamba ya boma ku Lagos, mu ofesi yosankha achinyamata oti boma liwalipirire maphunziro.

Pali owerenga ena amene amafulumira kunena kuti Achebe akutsutsa chibale, ngati kuti kudalira anthu akwanu ndi nthenda ya Aafirika okha. Maganizo amenewa ngoperewera. Mark Granovetter, m'buku lake Getting a Job la 1974, anafufuza anthu ophunzira a ku Newton, m'chigawo cha Massachusetts ku America, napeza kuti oposa theka anapeza ntchito kudzera mwa munthu wowadziwa. Anapezanso kuti kawirikawiri wothandizayo sanali bwenzi lapamtima koma munthu wongoonana naye patalipatali. Apa ndi pamene pagona kusiyana. Wongodziwana naye amakuuza za mwayi wa ntchito, uthokoza, nkhani yatha. Koma mbale amene wadzimana kuti iwe uphunzire saiwala, ndipo sayeneranso kuiwala. Akuluakulu athu adati kupatsa nkuika.

Tiyeni tsono tione chimene chinam'gwetsa Obi. Chodabwitsa nchakuti ziphuphu zimene analandira sizinachokere kwa anthu a bungwe lake. Zinachokera kwa alendo. Poyamba anakana ndithu: anam'bweza bambo Mark amene anadza kudzapemphera mlongo wake, anakananso mtsikanayo pamene anadza yekha kudzadzipereka. Chimene chinam'fooketsa ndi katundu wa mwezi ndi mwezi. Bungwe linkafuna mapaundi 20 pamwezi, makolo ankayembekeza thandizo, mng'ono wake ankafunika ndalama zasukulu, ndipo abale omwewo ankafuna kuti mwana wawo aoneke ngati bwana, wa galimoto ndi wantchito wapakhomo. Ankafuna kuti abweze ngongole, nthawi yomweyo akhale moyo wosatheka kubwezera ngongole.

Aristotle, m'buku lachisanu ndi chitatu la Nicomachean Ethics, anasiyanitsa mitundu itatu ya ubwenzi: wofuna phindu, wofuna chisangalalo, ndi wofunira mnzako zabwino chifukwa cha iye mwini. Anaonanso kuti madandaulo amachuluka mu ubwenzi wa phindu, makamaka ngati awiriwo sanagwirizane poyera za mtengo wa chimene chaperekedwa. Wopereka amayesa kuti wapereka zambiri, wolandira amayesa kuti walandira zochepa. Izi ndi zimene zikuchitika pa msonkhano umene ife tiuyesa mtima wa buku lonseli. Obi akupempha kuti am'patse miyezi inayi asanayambe kubweza. Bungwe likuvomera, koma mtsogoleri wake akulowetsapo nkhani ya Clara, namwino amene Obi afuna kukwatira, yemwe ndi osu, ndiko kuti wa fuko lopatulidwa limene mfulu siyenera kukwatirana nalo. Obi akupsa mtima, akukana chifundo chimene wapatsidwa kumene, natuluka. Iye ankayesa kuti anabwereka ndalama zokha. Iwo ankayesa kuti anagula liwu pa moyo wake wonse. Palibe mwa iwo amene ananama. Kungoti mtengo sunatchulidwe pachiyambi.

Ife ansembe ndi aseminale sitingawerenge ndime imeneyi ngati alendo. Ambiri tinafika pano chifukwa cha amalume amene anagulitsa mbuzi, kapena bambo mfumu amene anatilembera kalata, ndipo tikudziwa maso amene amatiyang'ana tikapita kumudzi patchuthi.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Clara sanapatsidwe malo okwanira. Timamuona kudzera m'mavuto a Obi, osati mwa iye mwini. Kugwa kwa Obi nakonso kwafotokozedwa mothamanga, m'masamba owerengeka a kumapeto, amayi ake atamwalira ndiponso Clara atachoka, kotero kuti owerenga saona bwino nkhondo ya mumtima mwake. Mwina mlembi anachita dala, pofuna kusonyeza munthu amene chikumbumtima chake chinatha pang'onopang'ono iye osazindikira, koma ife tikadakonda akadakhalitsapo.

Pamene Achebe waonetsa luso lenileni ndi pa chithunzi cha bungwe lija. Salikometsa, salinyozanso. Obi atagwidwa ndi mapaundi 20 a chiphuphu, ena mwa abale akewo sakudandaula kuti wachimwa, koma kuti wadzitaya chifukwa cha kandalama kochepa, ndiponso mosadziwa njira. Komabe ndi anthu omwewo, amene iye anawanyoza pamsonkhano, amene akusonkhananso ku Lagos, nagwirizana zolipira loya womuimira pamlandu.