Timve, Tsala ndi Mantha a Mwana wa ku Phalombe

Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti nzeru za munthu zimayambira pa zimene thupi laona, lamva kapena lakhudza. Motero chithunzi cha m'buku la mwana sitingachiyese chokongoletsa chabe. Buku la Sosa ndi buku la Timve ndi Tsala anamasula lilime la ana ambiri, ndipo tiwayamikira. Koma ankasamala za malembo koposa za mumtima.

Mwana wa m'tsinde mwa phiri la Michesi, amene makolo ake anaona Napolo mu 1991, iyenso naona namondwe Freddy mu 2023, amadzidzimuka mvula ikagunda usiku. Nanga ndi tsamba liti lidzampatsa mawu otchulira manthawo? Ojambula athu sayenera kuopa misozi. Atijambulire mwana akulira, agogo ake akumtonthoza, ndipo pansi pake alembe m'Chichewa ndi m'Chilomwe chomwe.